Nambala Eyiti ndi Dzanja la Bambo

Tolliver Run,
West Virginia.
23 Epulo, 1991.

Okondedwa achemwali anga a Leota,

Musang'ambe kalatayi. Ndayamba ndi pempho limeneli chifukwa ndikukudziwani, mukangozindikira kalembedwe kanga pa envelopu mtima ukukwerani, ndipo mbaula yanu siili patali. Ndine Orval, mlongo wanu yemwe uja, amene mwatha zaka khumi ndi zinayi osamuyankhula. Werengani kaye mpaka kumapeto, kenako muchite nayo zomwe mtima wanu ukufuna. Keyala yanu ya ku Tacoma ko wandipatsa ndi mlamu wanu Nadine, amene ndangozindikira dzulo kuti wakhala akulemberana nanu makadi a Khirisimasi chaka ndi chaka ine osadziwa. M'nyumba muno muli zambiri zomwe ine mwini nyumba ndimazimva pomalizira.

Kuno tili bwino, kaya inu kumeneko ndi alamu anga a Floyd ndi ana. Chisanu chatha, mtsinje wadzaza, denga la khitchini likudonthabe pamalo pomwe paja. Ntchito ndi yomwe ija yokonza mabasi a sukulu. Bondo langa lakumanja limavuta kukazizira. Ndati lakumanja, ndipo ndayamba ndaligwira kaye ndisanalembe, chifukwa masiku ano nkhani ya kumanja ndi kumanzere sindikuitenganso mwachibwana. Nadine wakhala pakhomo ndi zoluka zake, akuti sindidzuka pampando pano mpaka nditalemba mawu amene iye akuwafuna. Ndiwalemba, koma mundilole ndiyambire patali, mankhwala owawa sitimeza popanda madzi.

Mukukumbuka tsiku lomwe tinaika maliro a mayi. Titabwerako kumanda, nyumba itadzaza anthu, munatsegula Baibulo lawo lalikulu lija, m'katimo n'kugwa chithunzi chomwe tonse awiri tinali tisanachionepo. Mayi paja chimwalirire bambo sankafuna n'kutchula komwe dzina lawo. Pachithunzipo panali bambo ali pawindo la sitima yawo yokoka zipika, Nambala Eyiti, atakweza dzanja lawo loperewera zala ziwiri lija, zomwe zinatsalira pakati pa mabogi ali mnyamata. Inu munachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Chithunzichi chili ndi vuto. Dzanja lodukalo linali lamanzere." Ine ndinati lamanja, si ili apa aliyense akuliona. Inu munati munkaligwira dzanjalo Lamulungu lililonse popita kutchalitchi. Ndiye ine, pamaso pa abusa ndi azakhali ndi onse amene anali ndi mbale m'manja, ndinati, "Chithunzi sichinama, amanama ndi anthu. Inu bambo simukuwakumbuka, mumangopeka nkhani monga mwa masiku onse." Munaika sipuni pansi, munatenga chikhothi chanu, munatuluka. Mbale yanu yabuluu ya nyemba munaisiya patebulo. Chithunzi ndinasunga ine, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinamvenso mawu anu.

Patapita zaka ziwiri ndinalowa gulu la okonza tisitima. Tilipo amuna asanu ndi mmodzi, ena adzukulu ali nawo, timakumana Lachinayi lililonse m'galaja ya Harless Bright, uja ankagawa makalata. Nadine amati ndi sukulu yamkaka ya nkhalamba, koma ife sitikonza zidole. Timatenga sitima yeniyeni yomwe inayendapo m'mapiri muno n'kuichepetsa ka makumi anayi ndi kasanu ndi katatu, chilichonse pamalo pake, belu, nyali, unyolo, ngakhale ndowa ya mchenga. Ukawonjezera chomwe panalibe ndiwe wabodza, ukachotsa chomwe chinalipo ndiwe waulesi. Ine ndinalengeza tsiku loyamba lomwelo kuti ndikonza Nambala Eyiti ya bambo, ndi mkuwa, kuchokera pa chithunzi chija.

Inu sitima za mtundu wa Shay mukuzidziwa kuposa ine, munakulira m'phokoso lake. Zida zonse zili mbali imodzi, masilinda atatu oimirira ndi ndodo yachitsulo yaitali ya magiya yozunguza mawilo onse, ndipo chimgolo cha nthunzi anachikankhira mbali inayo kuti sitima isagwe, ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza dzanja limodzi. Phokoso ngati ikuthawa moto, koma ng'ombe yoyenda ikudya ikhoza kuipitirira. Pachithunzi changa zida zonsezo zinali kumanzere, ndiye ine ndinajambula mapulani anga momwemo.

Harless atawaona anavula magalasi ake n'kuwapukuta.

"Orval, magiya wawaika kumanzere bwanji? Shay magiya ake amakhala kumanja, aise. Ngakhale mwana wa sitandade wani akuuza."

"Kupatula ya bambo anga," ndinatero ine, n'kuponya chithunzi patebulo. "Kutsutsa galu n'kukumba. Kumba tione."

Anachitembenuza uku ndi uku, anachinunkhiza komwe, n'kundibwezera. Nambala inali kuoneka bwinobwino, eyiti wamkulu patsogolo, ndipo magiya anali kumanzere. Kuyambira pamenepo ndinakula mutu, achemwali, chipewa chinayamba kundithina.

Anzanga ankafunsabe kuti kampani ya matabwa ingaitanitsirenji sitima yamanzere. Ndinawayankha kuti mwina n'chifukwa cha kona yoopsa ija ya pa Chigongono cha Satana, pomwe njanji inkakhotera kuphompho. Chaka choyamba ndinkati mwina. Chaka chachiwiri mwina uja ndinamusiya kunyumba. Pofika chaka chachisanu ndinali nditayamba kukumbuka bwinobwino kuti mayi anandiuzapo nkhani imeneyi ali kusita, ndipo ndinkatha kufotokoza ngakhale diresi yomwe anavala tsiku limenelo. Mlendo aliyense wofika pakhomo pano, wogulitsa inshuwalansi, a Mboni, wowerenga mita ya magetsi, ankatsikira m'chipinda chapansi kukamva mbiri ya Shay yamanzere. Wowerenga mita uja anapempha kuti amusinthe dera.

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala pa kasitima kameneka. Kutalika kwake n'kuyambira pachigongono kufika padzanja, koma misomali yake ilipo chikwi chimodzi ndi zana limodzi ndi makumi anayi, ndipo uliwonse ndinaudinda ndekha ndi singano ya makina akale a Nadine. Mwaye wake ndi weniweni, ndinaupala m'chumuni. Dzimbiri ndinachita kulipaka ndi nthenga ya nkhuku. Ndipo poti ndinali katswiri, ndinadzipatsa udindo woyendera ntchito za anzanga ndi galasi lokulitsa zinthu. Chaka china Harless anabwera ndi kasitima kake komwe anakavutikira zaka zitatu, nkhope ili mwee, ine ndinawerama n'kumuuza anthu onse akumva kuti pathanki paperewera misomali inayi. Munthu wamkulu uja anangokakulunga m'thaulo n'kupita kwawo khofi osamaliza. Ndinkaona ngati ndamuthandiza.

Chomaliza kukonza chinali bambo. Ndinawaumba ndi mtovu, kamunthu kochepera chala chaching'ono, ndi kapusi yawo ndi malaya a mabatani. Kenako ndinatenga chopalira zikhadabo cha Nadine n'kuchotsa zala ziwiri kudzanja lamanja. Pachithunzi dzanjalo silioneka bwino, ankaligwedeza, umangoona kuti ndi loperewera, ndiye ndinangosankha ziwiri zakumapeto. Ndisakubisireni, popala zala zimenezo ndinkaganiza za inu, ndipo mumtima ndinkati, akaone, akaone.

Tsopano ndafika pa za Loweruka lapitali. Linali tsiku la phwando la anyezi wakutchire ku nyumba ya ozimitsa moto, monga chaka chilichonse. Fungo lake simunaliiwale, lija aphunzitsi ankatikhazika nalo pakhonde masiku atatu. Anakazinga ndi mbatatesi ndi nyama ya nkhumba, nyemba m'miphika ikuluikulu, anthu kuchokera m'zigwa zonse. Gulu lathu linapatsidwa matebulo awiri pakona, ndipo aka kanali koyamba kuti Nambala Eyiti ituluke m'nyumba. Ndinavala tayi. Ndinalemba chikwangwani ndi utoto wofiira, zilembo zazikulu ngati za pa sitolo: NAMBALA EYITI, SHAY YOKHAYO YAMANZERE M'MAPIRI ONSE ANO. Kunabweranso mtsikana wa nyuzipepala ndi kamera yake. Nditayatsa magetsi, kasitima kanayamba kukwawa panjanji, magiya akuzungulira waliwali, mabogi anayi a zipika pambuyo, bambo atakweza dzanja pawindo. Ana anakuwa, amayi anati ee, ine ndinangopinda manja ngati si ine.

Ndili m'kati mofotokozera mtsikana uja za Chigongono cha Satana, ndinamva Harless kumbuyo kwanga, mawu ake ali ofewa ngati a namwino.

"Orval, ndakubweretsera mlendo. Ndakhala ndikumufunafuna chaka chathunthu."

Potembenuka ndinaona nkhalamba yopindika, ndodo m'manja, mwana wake wamkazi ataigwira pamkono. Anali a Arlie Cogar, achemwali. A Arlie omwe aja ankathira malasha pa Eyiti, bambo akuyendetsa. Ine ndinkayesa anamwalira kalekale, koma ali moyo ndi zaka zawo makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ndi zitatu, akukhala kwa mwana wawo ku Akron chitsekereni kampani. Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda belu, n'kukatsatira kasitima ndi maso mpaka kanazungulira kawiri.

"Kokongola aka," anatero. "N'kandani?"

"N'kanga, madala. Ndine Orval, mwana wa a Dewey Cutlip."

"Iwe? Kamamina kaja kankalira kakamva wezulo? Wakula eti. Nanga sitimayi ndi iti?"

"Ndi Eyiti, madala. Ya bambo anga, yanu yomwe ija."

"Eyiti yake iti?"

"Inalipo imodzi yokha."

"N'chifukwa chake ndikufunsa." Anagogoda ndodo pansi. "Mwana iwe, ine ndathira mafuta magiya a Eyiti zaka khumi ndi chimodzi, m'mawa uliwonse, mvula kaya chisanu, ndipo anali kumanja. Iyi waitenga kuti, yobadwa chagada iyi?"

Anthu anayamba kusiya mbale zawo n'kusendera. Ine ndinakonza tayi, n'kuwafotokozera mwaulemu, mokweza mawu pang'ono poti ndi achikulire, kuti kampani inachita kuitanitsa yapadera chifukwa cha kona ya pa Chigongono cha Satana.

"Usandikuwire, makutu ndili nawo. Zimenezo anakuuza ndani?"

"Mayi anga."

"A Opal?" Nkhalamba inaseka mpaka kutsokomola, mwana wawo kuchita kuwamenya pamsana. "A Opal sankasiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo kwa sitima! Ankadana nayo chifukwa inkawathira mwaye pa zochapa zawo. Ankatitukwana tikamadutsa, ine ndi bambo ako tinkachita kubisala. A Opal kukamba za magiya!"

Pamenepo ndinatulutsa chithunzi m'thumba la jekete. Paja ndinkayenda nacho ngati chiphaso. Ndinati, "Madala, zaka zimasokoneza mutu, si mlandu. Koma chithunzi sichinama." Mawu omwe aja, achemwali, osasintha ngakhale limodzi. A Arlie anachiyandikitsa kumaso, anachitalikitsa, anachiyandikitsanso. Kuseka kuja kunatha. Anati, "Dewey ndi yemweyu, koma ngati si iye. Ngati mphwake amene sindinamuonepo." Ine ndinayang'ana Harless, mtima uli m'malo, ndikuti chithunzi chapambana kachiwiri.

Ndiye kunamveka mawu kuchokera pakhomo la khitchini. Anali Nadine, epuloni m'chiuno, chipande cha nyemba m'manja.

"Yang'anani mabatani."



"Mabatani a chiyaninso iwe?" ndinatero.

"A malaya a apongozi anga. Tengani galasi lanu lowerengera misomali ya anzanu lija muyang'ane. Malaya aamuna mabatani amakhala mbali iti? Pachithunzipo apongozi avala bulauzi."

Amuna onse m'holo muja anaweramitsa mitu kuyang'ana pamimba pawo, ngakhale abusa. Ine ndinatenga galasi n'kuyang'ana. Achemwali, malaya a bambo anali omanga chachikazi. Mtsikana wa nyuzipepala ndiye anamaliza kundipha. Anati zimachitika, wojambula akatembenuza filimu potsuka chithunzi, zakumanja zonse zimapita kumanzere, ndipo umazindikira ndi zilembo chifukwa zimaoneka zopotoka. Koma dzina la kampani pathanki linali litakwiririka ndi mwaye, ndipo eyiti, mwa manambala onse amene kampani ikanasankha, ukamutembenuza amakhalabe eyiti.

"Nadine," ndinatero, "zimenezi unaziona liti?"

"Chaka chomwe munayamba."

"Zaka khumi ndi ziwiri! Bwanji osandiuza?"

"Inu mumauzika? Ndinakuuzani koyamba, munati za mabatani n'za amayi, inu muli pa magiya. Ndinakuuzani kachiwiri, munati ndikugwirizana ndi achemwali anu. Kachitatu ndinaona kuti mukakhala m'chipinda chapansi muja m'nyumba mumakhala mtendere, ndiye ndinati Mulungu alemekezeke." Anatembenuka n'kubwerera ku nyemba zake.

Kuseka kwake, achemwali, denga linatsala pang'ono kusasuka. Mayi wina anachita kukhala pansi. Harless anavula magalasi, misozi ili mbwembwembwe, n'kundigwira paphewa.

"Usadandaule, aise," anatero. "Ndawerenga ndekha, misomali yako yonse ilipo, palibe woperewera ngakhale umodzi. Wangophonya mbali basi."

Ndinafuna kumumenya, koma ndinakumbukira thaulo lija, ndipo ndinadziwa kuti munthuyu wadikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti anene mawu amenewa. Anali ake, anawagwirira ntchito.

Komabe mlongo wanu mukumudziwa, wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndinati mabatani si umboni, mwina bambo anabwereka malaya. Kwa ndani, kwa mayi? Mkulu wa ozimitsa moto ndiye anati tisavutike, pagalimoto yawo yofiira pali kalilole wamkulu woonera kumbuyo. Tinatuluka tonse chigulu, amuna oposa makumi awiri kuunjikana pa kalilole mmodzi, aliyense akupumira mnzake anyezi wakutchire. A Arlie anawakweza pa bokosi, anawapatsa chithunzi, iwo n'kuchilozetsa pakalilole.

Anayang'anitsitsa pakalilolepo. Kenako anavula kapusi.

"Ndi ameneyo," anatero chapansipansi. "Ndi Eyiti imeneyo. Dewey, galu iwe, unali kuti?"

Oseka aja onse anasiya. Ine ndinasuzumira pamwamba pa phewa lawo. Achemwali, chithunzi chimenechi ndachiyang'ana tsiku ndi tsiku zaka khumi ndi zinayi, ndimadziwa kadontho kalikonse, koma munthu amene ndinamuona pakalilolepo ndinali ndisanamuonepo. Bambo akamamwetulira pakamwa pankapendekera mbali imodzi. Momwe ndinkachigwirira ine, kunali kumwetulira kwa mlendo. Pakalilole kunali kumwetulira kwanu, kuja mumachita mukadziwa kuti mukunena zoona koma mwasankha kungokhala chete. Ndinaona inu mutavala kapusi ya bambo. Ndipo dzanja lomwe linali m'mwamba linali lamanzere.

Kenako ndinafunsa a Arlie kuti zala zodukazo zinali ziti, poti ine ndinangolota. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa zamwano.

"Ndidziwe bwanji ine? Pantchito ankavala magolovesi, ndipo munthu suwerenga zala za mnzako. Ndinali mkazi wake ine? Kafunse kamtsikana kake kaja. Kaja sikankalisiya dzanja limenelo, tikangoima pasiteshoni kanali katafika kale n'kuligwira. Kali kuti masiku ano?"

Ndinati muli ku Tacoma. Anafunsa ngati muli bwino. Ndinati ndikukhulupirira choncho. Nkhalamba ija inandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato, ndipo ndikanakonda ikanangondimenya ndi ndodo ija.

Titabwerera m'holo ndinapeza chikwangwani changa wina atachigoneka chafufumimba. Harless anapita kuchimbudzi cha amuna, anamasula kalilole wapakhoma ndi sikuludiraiva, n'kudzamuimika pambali pa njanji. A Arlie anawaikira mpando poti aziona kasitima pakalilole pokha, ndipo anakhala pamenepo ola lathunthu, mbale ya anyezi ili pamiyendo osaikhudza, akuuza Eyiti pochepetsa liwiro ndi poliza wezulo. Mwana wawo anandinong'oneza kuti chimwalirire mayi ake sanawamvepo akuyankhula chonchi. Nyuzipepala yatuluka lero. Chithunzi cha sitima sanaikemo, aika changa, kukamwa kuli yasa, galasi m'manja. Nadine wagula nyuzipepala zitatu, imodzi akuti ndi yanu.

Kasitimako sikangakonzeke. Kuti magiya apite kumanja ndiye kuti ndiyambirenso pa msomali woyamba, ndipo maso anga sangandiperekezenso zaka khumi ndi ziwiri zina. Kakhala momwemo ndi kalilole wake, yemwe ozimitsa moto akuti ndibweze pofika Lachisanu. Koma bambo ndinawachotsamo tsiku lomwelo. Sindikanatha kuwasiya pawindo paja ndi dzanja lomwe ndinawadula ine ndi mkwiyo wanga. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinasungunula mtovu wina n'kuwaumbanso, mabatani mbali yake, dzanja lamanzere m'mwamba.

Nadine wasiya kuluka, akundiyang'ana. Chabwino, nawa mawu aja. Achemwali, munkanena zoona. Ndinalakwa ndine. Linali lamanzere.

Akuti zimenezo n'zokwanira ndipo wapita kukateleka khofi, koma pali zina zomwe iye sanandiuze kuti ndilembe. Bambo pomwalira inu munali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ine zinayi. Sindiwakumbuka, achemwali. Ndayesa, koma mulibe kanthu m'mutu muno, ngakhale mawu awo, ngakhale fungo la malaya awo. Tsiku lija chithunzi chitagwa m'Baibulo, kanali koyamba kuti ndikhale ndi bambo anga anga, oti ndikhoza kuwaika m'thumba. Ndiye inu munati chithunzicho chili ndi vuto, munati munkawagwira dzanja. Ine sindikudziwa ngati ndinaligwirapo. Inali nsanje basi, nsanje ya mwana wa zaka zinayi m'kamwa mwa bambo wa zaka makumi anayi ndi zitatu. Ndinakunenani kuti mumapeka nkhani, pamaliro a mayi anu, kenako ine n'kukhala zaka khumi ndi ziwiri ndikupeka Chigongono cha Satana ndi diresi ya mayi. Zimenezi zikundipweteka kuposa kuseka konse kwa m'holo muja, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire.

Chithunzi chija ndachiika m'kalata muno, pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike. Chinayenera kukhala chanu kuyambira kale. Mukachiyang'anire pakalilole wa kuchipinda kwanu, muwaona.

Pempho langa ndi limodzi. Kumapeto kwa Meyi kuli tsiku lokongoletsa manda, ndipo zaka zonsezi maluwa a mayi ndi bambo ndakhala ndikuika ndekha, mopotoka, Nadine n'kumawongola pambuyo. Bwerani chaka chino. Basi ya ku Charleston ndikakuchingamirani ndekha, ndipo ndikulonjeza kuti m'galimoto simumva liwu limodzi la magiya. Chipinda chanu chakale tachotsamo makatoni a njanji. Mbale yanu yabuluu ilipo, ili pamwamba pa kabati, Nadine amaipukuta fumbi koma salola munthu kudyeramo. Nyemba zija tinadya, ndisaname, ndipo zinali zokoma, koma mbale ikudikira mwini wake.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Floyd, muwauze kuti akhoza kuseka, aliyense waseka kale. Moni kwa adzukulu anu, amene ndangowadziwa dzulo pa makadi a m'bokosi la Nadine, ndipo wamng'onoyo ali ndi makutu anga, mumupepesere. Nadine akupereka moni, akuti inu ndi iye muli ndi zambiri zokambirana ine kulibe. Harless akuti simukumudziwa bwino koma amakulemekezani kwambiri. A Arlie ponyamuka anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ukamulembera mwana wa Dewey, umuuze kuti Arlie akufunsa ngati anasiya kulira sitima ikachedwa."

Za zala zija musandiyankhe m'kalata. Ndikudziwa kuti mukhoza kungolemba mzere umodzi nkhani n'kutha, koma ine zoona papepala ndasiya kuzikhulupirira. Mudzandigwire dzanja n'kundionetsa, ichi ndi ichi. Chopalira chili m'kabati. Bambo ndawaimika pawindo la khitchini kuyang'ana kumsewu, dzanja lili m'mwamba, zala zawo zonse khumi zili zathunthu, ndipo sindiwakhudza mpaka mutabwera.

Ndine mlongo wanu wouma mutu,

Orval.